Cape Town imange fakitale yochotsa mchere m'madzi madamu akadali odzaza

Mkangano wa madzi wabukanso ku Cape Town, ndipo wafika mpaka m'magulu a WhatsApp a ife Amalawi okhala kuno. Khonsolo ya mzinda ikufuna kumanga fakitale yokhazikika ku Paarden Eiland, pafupi ndi doko, yoti izitunga madzi m'nyanja ya Atlantic, n'kuwachotsa mchere, n'kuwalowetsa m'mipopi yathu. Akuti izitulutsa malita a pakati pa 50 miliyoni ndi 70 miliyoni patsiku, ndipo iyambe kugwira ntchito cha m'ma 2030. Ena akuti kumeneku n'kumwaza ndalama, poti mvula inabwerera kalekale ndipo madamu adzadzapo kangapo mpaka kusefukira. Ena akuti boma lachedwa, nyanja ili pakhomo, bwenzi tikuimwa kale. Ine ndili kumbali ya omanga. Fakitaleyi imangidwe, imangidwe panopa madamu akadali ndi madzi, isakule kuposa muyeso womwe atchulawo, ndipo bilu yake ilemere kwa amene amathirira kapinga ndi kudzaza maiwe osambiramo. Otsutsa ali ndi mfundo zingapo, zina ndi zoona ndithu, choncho ndiziyankha imodzi ndi imodzi.

Tiyambe takumbukira kumene nkhaniyi inachokera, chifukwa anthu timaiwala msanga m'mimba mukakhuta. Mvula ya kuno imagwa nyengo yozizira, ndipo m'zaka zitatu zotsatizana, 2015, 2016 ndi 2017, inangowaza. Mzindawu umadalira madamu akuluakulu asanu ndi limodzi, ndipo lalikulu kuposa onse, Theewaterskloof, linasanduka bwalo la mchenga ndi zitsa za mitengo. Akuluakulu analengeza kuti madzi akatsika kufika pa 13.5 peresenti mipopi ya m'nyumba itsekedwa, ndipo aliyense azikatunga malita 25 patsiku m'malo pafupifupi 200 omwe anawakonza. Tsikulo analitcha Day Zero. Kuyambira pa 1 February 2018 munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Ine ndinaimapo pamzere ndi zigubu pa kasupe wa ku Newlands, pakati pa anthu omwe anabwera pa magalimoto apamwamba. Ife obadwira ku mjigo kusamba m'ndowa sichinali chachilendo, moti anzathu ogwira ntchito m'nyumba ndiwo ankaphunzitsa mabwana awo kutsukira mbale m'beseni n'kukathira madziwo kuchimbudzi. Chimene chinapulumutsa mzinda chimadziwika. Anthu anachepetsa madzi kuchoka pa malita pafupifupi 1.2 biliyoni patsiku kufika pang'ono pamwamba pa 500 miliyoni, alimi anadulidwa gawo lawo, alimi a zipatso a ku Grabouw anapereka malita pafupifupi 10 biliyoni a m'damu lawo, kenako mvula inagwa. Madzi a m'nyanja sanapulumutse munthu.

Apa ndi pamene otsutsa amayambira, ndipo sakunama. Pa nthawi ya mantha ija mzinda unachita changu kuimika mafakitale atatu osakhalitsa: la ku Strandfontein ndi la ku Monwabisi, lililonse la malita 7 miliyoni patsiku, ndi lina la malita 2 miliyoni ku V&A Waterfront. Onse pamodzi anali a malita 16 miliyoni, mumzinda womwe ngakhale utadzimana unkamwa oposa 500 miliyoni. Madzi awo anayamba kutuluka Day Zero itakankhidwa kale, anali okwera mtengo, ndipo ndere zikachuluka m'nyanja makina ankaima. Patangopita zaka zochepa onse anatsekedwa. Otsutsa amati umenewu ndi umboni woti njirayi inalephera. Ine ndimawerenga umboni womwewo mosiyana. Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa mtengo wa thumba la chimanga mu February, nkhokwe zitauma, poyerekeza ndi mtengo wake mu May. Wogula ali ndi njala sanenerera, amalandira chilichonse chimene wavenda wamuyezera, chofumbwa chomwe. Mafakitale a 2018 anagulidwa mu February wotero. Fakitale yeniyeni imafuna zaka: kuyeza madzi a pamalopo nyengo zonse za chaka, kufufuza za chilengedwe, kupikisanitsa makampani, kukoka mawaya a magetsi. Chilala chikayamba, nthawi yochitira zonsezi imakhala itatha.

Kuti tikambirane bwino za magetsi, zomwe ndi mtsutso wachiwiri, tiyenera kudziwa kaye mmene mchere umachotsedwera. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wolemera magalamu pafupifupi 35. Njira yakale youchotsera aliyense amene anaonapo amayi akutcheza kachasu akuidziwa: uwiritse, nthunzi idutse mumpope wozizira, kumapeto kudonthe zoyera, zotsalira zikhale mumphika. Vuto lake ndi moto. Kusandutsa lita imodzi ya madzi kukhala nthunzi kumadya mphamvu yokwana pafupifupi magawo 7 mwa 10 a yuniti ya magetsi, kutanthauza mayunitsi ngati 700 pa malita 1,000. Akatswiri anachepetsa kwambiri chiwerengerochi pogwiritsanso ntchito kutentha komweko kambirimbiri, nthunzi ya m'chipinda china n'kumatenthetsa madzi opita m'chipinda chotsatira, komabe njirayi imadya mphamvu kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi inzake. N'chifukwa chake inakhazikika ku Saudi Arabia, Kuwait ndi United Arab Emirates, komwe mafuta ndi gasi n'zosasowa ndipo mafakitalewa amamangidwa moyandikana ndi malo opangira magetsi kuti azitolera kutentha kotayika.

Njira yachiwiri, yomwe pafupifupi aliyense womanga lero amasankha, ndi reverse osmosis. Mukathira mchere pa nkhaka kapena pa nyama yaiwisi, pakapita kanthawi madzi amatuluka okha, chifukwa madzi amathamangira kumene kuli mchere wambiri. Makinawa amakakamiza madzi kuyenda mobwerera, kuchoka kumene kuli mchere kupita kumene kulibe, kudutsa m'masefa opyapyala okulungidwa m'mapaipi, omwe amalola madzi koma n'kukaniza mchere. Sefa yoyamba yogwiradi ntchito inapangidwa ndi Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan ku yunivesite ya California ku Los Angeles cha m'ma 1960. Kuti madzi angosiya kuthamangira kumchere pamafunika mphamvu yokankha ya mabar ngati 27, ndipo kuti adutse mochuluka mapampu amafika pa mabar 55 mpaka 70. Tayala la galimoto limapopedwa mabar awiri ndi pang'ono, ndiye wonkhetsani nokha. Pa malita 100 olowa, 40 mpaka 50 ndiwo amatuluka abwino. Otsalawo amatuluka akadali ndi mphamvu yokankha ija, ndipo luso lomwe linatsitsa kwambiri mtengo ndi kachipangizo kotenga mphamvuyo n'kuipatsira madzi atsopano olowa. Madzi otuluka m'sefa amakhala oyera mopitirira, osakoma m'kamwa komanso odya mapaipi, moti amawadutsitsanso m'miyala ya laimu kuti abwezeretse timichere tofunika. Zonsezi pamodzi, kuyambira kutunga mpaka kutumiza, zimadya mayunitsi 3 mpaka 4 pa malita 1,000.

Tsono otsutsa amati: madzi a m'damu amatsika okha kuchokera kumapiri ndipo kuwayeretsa sikufika n'komwe yuniti imodzi, nanga bwanji dziko lomwe mu 2023 linakhala pafupifupi chaka chonse magetsi akuthimathima lidziwonjezere katundu wina? Funsoli ndi labwino, koma tiwerengere. Malita 70 miliyoni patsiku, pa mayunitsi 3.5 pa malita 1,000, ndi mayunitsi 245,000 patsiku, zomwe ndi mamegawati 10 oyaka usana ndi usiku. Koeberg, malo opangira magetsi a nyukiliya omwe ali kumpoto kwa mzinda womwewu, amatulutsa oposa 1,800. Tibwere nazo kukhitchini. Malita 50 aja omwe tinkapatsidwa patsiku, atakhala onse ochokera m'nyanja, angadye magetsi ofanana ndi kuwiritsa ketulo yodzaza kamodzi. Giza imodzi yotenthetsera madzi m'nyumba imadya magetsi ochuluka kuposa amene angafunike kuchotsa mchere m'madzi onse a banjalo. Ndipo ife ochokera ku Blantyre sitiyenera kudabwa ndi madzi odya magetsi. Madzi ambiri a mumzinda uja amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwezedwa mtunda wa mamita pafupifupi 800. Kukweza malita 1,000 mtunda wotere kumafuna mayunitsi oposa awiri ngakhale pampu itakhala yosataya mphamvu, ndipo pampu yeniyeni imayandikira atatu. Munthu wa ku Ndirande akamatsegula mpopi amamwa madzi omwe magetsi ake sasiyana kwenikweni ndi a madzi a m'nyanja yamchere, ndipo palibe amene amati Blantyre isiye kupopa.

Chotsalira pamtsutsowu ndi gwero la magetsiwo, ndipo pamenepa ndikugwirizana ndi otsutsa theka. Magetsi ambiri a Eskom, kampani ya boma ya magetsi kuno, amachokera ku malasha, ndiye kungakhale kudzipweteka tokha kuwotcha malasha pothana ndi chilala chomwe utsi wa malasha ukuchikulitsa. Koma mzinda wa Perth ku Australia, womwe nyengo yake ikufanana kwambiri ndi ya kuno, unayankha funsoli mu 2006 pamene unatsegula fakitale ya ku Kwinana n'kugula magetsi ake ku makina amphepo a ku Emu Downs. Amene anayendapo mumsewu wa Cape Town mwezi wa December mphepo ya kummwera chakummawa ikuwomba sangakayike zoti mphepo ilipo, ndipo dzuwa la ku Northern Cape n'losachita kufunsa. Chofunika n'chakuti pangano la magetsi amphepo ndi adzuwa lisainidwe limodzi ndi pangano la fakitale, lisakhale lonjezo la pamsonkhano. Palinso ena amene amati tidikire, akatswiri atulukira njira yotchipa posachedwa. Amenewa ndiwakhumudwitse. M'zaka za m'ma 1970 njirayi inkadya mayunitsi oposa 15 pa malita 1,000, lero ikudya atatu ndi pang'ono, koma malamulo a chilengedwe ali ndi malire ake: kulekanitsa theka la madzi a m'nyanja ndi mchere wake sikungatsike kuposa yuniti imodzi, makina akhale abwino chotani. Kutsika kwakukulu kunachitika kale. Wodikira zaka khumi adzapulumutsa kachigawo ka yuniti, chilala china chitamudutsa.

Mtsutso wachitatu ndi umene umandivuta kwambiri kuuyankha, wakuti mafakitale otere amangokhala osagwira ntchito mvula ikabwera. Zitsanzo n'zambiri, ndipo china chili pafupi. Mossel Bay inamanga fakitale ya malita 15 miliyoni patsiku pa chilala cha 2010, mvula inagwa isanathe n'komwe, ndipo yakhala zaka zambiri ikungosamalidwa osagwira ntchito. Santa Barbara ku California inamanga yake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, inayenda miyezi yochepa n'kutsekedwa. Sydney inatsegula yake mu 2010 n'kuizimitsa mu 2012. Ya Melbourne inatha mu 2012 koma madzi ake oyamba kuitanitsidwa anafika mu 2017, anthu akulipira chaka ndi chaka. Zonsezi n'zoona. Koma nkhanizi zimakambidwa mosamaliza. Santa Barbara inadzutsanso fakitale yake mu 2017 chilala chitabwerera, itawononga ndalama zambiri kukonzanso zomwe inazisiya kuti ziwonongeke. Sydney inayatsanso yake mu January 2019 madamu akutsika mofulumira. Ambiri a ife kuno timasonkha mwezi ndi mwezi m'magulu a maliro kuti tsiku likadzafika thupi lidzakafike kumudzi. Sindinamvepo munthu akudandaula kumapeto kwa chaka kuti wasonkha pachabe poti sanamwalire. Funso loyenera kufunsa pa inshuwalansi ndi lakuti chosonkhacho chikukwanira m'thumba kapena ayi, ndiponso ngati tsokalo n'lothekadi kugwa.

Pa kukwanira m'thumba, phunziro la zitsanzozi ndi kukula kwa fakitale ndi kalembedwe ka pangano. Ya Melbourne ndi ya malita 150 biliyoni pachaka, oposa 400 miliyoni patsiku, kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi kamodzi yomwe akuikamba ku Paarden Eiland. Fakitale yaing'ono, yosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi omwe mzinda umamwa, itha kumayenda chaka chonse, masefa osauma, antchito osaiwala ntchito, ndipo lita iliyonse yomwe yatulutsa ndi lita yotsala m'damu kudikira chaka choipa. Pa pangano, tiyang'ane ku Ghana. Fakitale ya ku Teshie mumzinda wa Accra, ya malita 60 miliyoni patsiku, inatsegulidwa mu 2015, koma kumayambiriro kwa 2018 kampani ya boma yogawa madzi inaiimitsa, chifukwa inkagula madziwo mokwera kuposa mmene inkawagulitsira ndipo inkalipira ndalama zokhazikika mwezi uliwonse kaya madzi yatenga kaya ayi. Makina analibe mlandu. Mlandu unali wa cholembera chomwe chinasaina. Ngati Cape Town ibweretsa kampani yoima payokha, pangano lonse liikidwe poyera lisanasainidwe, malipiro akhale m'marandi, ndipo anthu aone ndi maso awo ndalama zomwe mzinda udzalipire chaka chomwe fakitale yakhala chete.

Pa kutheka kwa tsoka sindichedwapo. Asayansi a bungwe la World Weather Attribution atafufuza chilala cha 2015 mpaka 2017 anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunachulukitsa katatu mpata woti chilala chotere chigwe. Kalembera wa 2011 anapeza anthu 3.7 miliyoni mumzindawu, wa 2022 anapeza pafupifupi 4.8 miliyoni, ndipo ena mwa owonjezerekawo ndife tomwe. Madamu ndi omwe aja.

Mtsutso wachinayi ndi wa chilengedwe. Walira mvula walira matope, ndipo matope a ntchito imeneyi ndi madzi otsalira aja, omwe amabwerera kunyanja ali ndi mchere wowirikiza pafupifupi kawiri, osakanikirana ndi mankhwala otsukira masefa. Kafukufuku wa yunivesite ya United Nations wa mu 2019 anawerenga mafakitale pafupifupi 16,000 padziko lonse, otulutsa malita 95 biliyoni a madzi abwino patsiku ndi malita 142 biliyoni a zotsalirazi. Madzi amenewa ndi olemera, amamira n'kuyala pansi pa nyanja, ndipo pamene nyanja ili phee amatha kumana mpweya zamoyo za pansipo. Paipi yotungira nayo imayamwa mazira ndi tiana ta nsomba. Boma la California linakana fakitale ya ku Huntington Beach mu 2022, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chimenechi. Asodzi a m'mphepete mwa nyanja kuno ali ndi ufulu wonse wodandaula. Yankho langa ndi lakuti vutoli limakula kapena kuchepa malinga ndi malo ndi kamangidwe. Oposa theka la zotsalira zomwe kafukufuku uja anawerenga zimachokera m'maiko anayi a ku Gulf, komwe nyanja ndi yosaya, yotentha ndiponso yotsekeka. Gombe la Atlantic kuno ndi la mafunde aukali ndi madzi oyenda a Benguela. Zotsalira zikatulutsidwa patali kudzera m'timabowo tambiri towaza m'mwamba, zimasungunuka pamtunda waufupi, ndipo madzi akamatungidwa mwapang'onopang'ono nsomba zimatha kuthawa. Komabe Paarden Eiland ili mkati mwa Table Bay, pafupi ndi doko, pomwe madzi sayenda ngati kunja, choncho kulonjeza kokha sikukwanira. Ku Perth analamula kuti mpweya wa m'madzi a Cockburn Sound, momwe fakitale imatayira zotsalira, uziyezedwa nthawi zonse, ndipo fakitale inachepetsapo ntchito muyeso utatsika. Lamulo lomwelo lilembedwe kuno, zotsatira zizikhala poti aliyense aziona.

Pali kanthu kena kamene okonda nyanja amakatchula kawirikawiri, ndipo akulondola: mzindawu umatayirabe zonyansa za m'zimbudzi m'nyanja kudzera m'mapaipi a ku Green Point, Camps Bay ndi Hout Bay, zitangosefedwa zinyalala zikuluzikulu. Masefa ochotsa mchere amakaniza tizilombo ndi mankhwala ambiri, ndiye madzi akumwa sangakhale oopsa, koma madzi olowa akakhala akuda ntchito yowayeretsa asanafike kumasefa imakula ndipo bilu imakwera. N'zochititsa manyazi kulipira kuti uyeretse chimene iwe mwini wadetsa. Kwa ine chimenechi n'chifukwa chokonzera mapaipi atatuwo, sichifukwa chosiyira fakitale.

Mtsutso wachisanu ndi wamphamvu kuposa yonse: pali njira zotchipa, bwanji osayamba izo? Mitengo yachilendo ya paini, bulugamu ndi wattle yomwe yadzaza m'mapiri ozungulira madamu imamwa malita pafupifupi 55 biliyoni pachaka, madzi okwanira mzinda miyezi iwiri, ndipo kuidula kumalemba ntchito anthu ambiri pa mtengo wochepa. Pansi pa Cape Flats, ku Atlantis ndi m'miyala ya Table Mountain muli madzi. Madzi a m'masuweji atha kuyeretsedwa n'kumwedwanso ndi magetsi ochepa kuposa a m'nyanja, poti mchere wake ndi wochepa. Windhoek ku Namibia yakhala ikuchita zimenezi kuyambira 1968, Beaufort West inayamba mu 2011, ndipo Cape Town ikukonza zake ku Faure. Amene amanyansidwa nazo akumbukire kuti aliyense wokhala kumunsi kwa mtsinje amamwa zomwe a kumtunda anasamba. Zonsezi ndikuzivomereza, zichitike, ndipo zitsogole. Dongosolo la madzi lomwe mzinda unavomereza mu 2019 likufuna malita 300 miliyoni atsopano patsiku, ndipo fakitale ya m'nyanja ndi gawo chabe la chiwerengerocho. Koma taonani chimene njira zotchipazi zikufanana. Kudula paini kumamasula madzi pokhapokha mvula itagwa paphiripo. Madzi apansi amabwezeretsedwa ndi mvula, ndipo ukawapopa mopitirira pafupi ndi gombe, nyanja imalowa m'zitsime. Madzi a m'masuweji ndi omwe aja anatuluka m'damu, ndipo chaka chomwe anthu akusamba ndi malita 50, suweji nayo imaphwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Madzi onse odikira mtambo ndi apachala. M'gulu lonseli, nyanja yokha ndiyo sifunsa ngati kumwamba kwachita mdima.

Ndiyankhenso anzanga a mbali yanga omwe amapitirira malire, aja amati timwe nyanja basi ngati Israel, madamu tiwaiwale. N'zoona kuti Israel inamanga mafakitale akuluakulu asanu pakati pa 2005 ndi 2015, kuyambira Ashkelon mpaka Ashdod, ndipo la Sorek lokha limatulutsa malita oposa 600 miliyoni patsiku. Koma dziko lomwelo limayeretsanso pafupifupi magawo 9 mwa 10 a madzi ake a m'masuweji n'kuthirira mbewu, ndipo lilibe mapiri a mvula ngati a Boland omwe amadzaza madamu a kuno. Madzi a m'damu akakhalapo ndi otchipa kwambiri, kuwasiya kungakhale kupusa. Madzi ochotsedwa mchere ndi a m'kapu, m'poto ndi m'bafa. Kilogalamu imodzi ya chimanga imamwa malita pafupifupi 1,000 kuti ikule, ndiye amene angathirire munda ndi madzi otere nsima yake idzadula kuposa ndiwo. Komanso ndi madzi a m'mphepete mwa nyanja. Johannesburg ili pamalo okwera mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, ndipo kungokweza madzi kufika kumeneko kungadye magetsi ochuluka kuposa kuwachotsa mchere. Kwathu ku Malawi nyanja yathu ilibe mchere, nkhani yathu ndi ya mapampu ndi mapaipi. Komwe luso limeneli lingatikhudze ndi ku Chikwawa ndi Nsanje, komwe mijigo ina imatulutsa madzi amchere osamweka, ndipo poti mchere wake ndi wochepa kuposa wa m'nyanja, timakina tating'ono toyendera dzuwa tingakwanitse.

Chatsala ndi funso la amene alipire, ndipo pamenepa ndi pomwe kuvomereza kwanga kuli ndi chingwe. Otsutsa amati madzi okwera mtengo akalowa m'mapaipi, bilu ya aliyense ikwera, ndipo wosauka ndiye amva kuwawa. Pa nthawi ya chilala zinadziwika kuti anthu okhala m'zisakasa, omwe ndi ochuluka zedi, ankagwiritsa ntchito madzi osakwana 5 peresenti ya madzi a mzinda. Amenewa sanaumitse Theewaterskloof. Kwa iwo Day Zero inalipo chilala chisanabwere ndipo ilipobe, amatunga pampopi umodzi mabanja makumimakumi. Papepala zinthu zimaoneka zachilungamo: boma la South Africa lili ndi ndondomeko yopereka malita 6,000 aulere pamwezi kwa banja losauka, ndipo mitengo ya madzi imakwera ndi masitepe, wogwiritsa ntchito ambiri amalipira mokwera pa lita. Ngati ndalama za fakitale zikaikidwe pa masitepe apamwambawo, wa dziwe losambiramo adzalipira inshuwalansi yomwe iyeyo ndiye akuifuna kwambiri, ndipo zili bwino.

Koma masitepewo amawerenga mita, sawerenga mitu ya anthu. Pabwalo lomwe ndimachita lendi pali nyumba yaikulu ndi zipinda zitatu kuseri, mabanja anayi, anthu khumi ndi atatu, mita imodzi. Palibe kapinga, palibe galimoto yotsuka, aliyense amasamba m'ndowa monga tinazolowera, koma tikaphatikizana mita imatikweza pa sitepe ya anthu olemera, ndipo mwini nyumba amangogawa biluyo n'kuiwonjezera pa lendi. Umu ndi mmene alendo ambiri ndi eni dziko osauka amakhalira ku Dunoon, Masiphumelele, Capricorn ndi Delft. Mtengo wa fakitale ukaikidwa pa masitepe apamwamba osakonza zimenezi, udzagwera ife tomwe mobisika, ndipo palibe chikalata cha khonsolo chomwe chidzasonyeze. Choncho khonsolo ikamalandira maganizo a anthu, ine ndilemba kuti ndikuvomereza fakitale ya ku Paarden Eiland, ndi kuti isanatulutse lita yoyamba, bwalo lililonse lokhala ndi mabanja a kuseri likhale ndi njira yosavuta yolembetsera chiwerengero cha anthu ake, kapena chipinda chilichonse chipatsidwe mita yakeyake. Mwini nyumba wathu ndamuuza kale kuti ndidzafuna siginecha yake pakalatayo. Wati aona kaye.